Kodi aphungu a ku Maputo angaifunse chiyani nduna ya zakunja, nanga akazembe amawasankha ndani?

Kuno kwathu ku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka ku Chifunde, wailesi imene imagwira bwino m'nyumba zambiri ndi ya ku Malawi, ndiye ndale zimene timamva m'mawa tikumwa tiyi zimakhala za ku Lilongwe, pomwe malamulo amene amatigwira ifeyo amapangidwa ku Maputo, m'Chipwitikizinso. Chisokonezo chimayambira pamenepa. Munthu wamva kuti aphungu a ku Malawi aitanitsa munthu amene wasankhidwa kukhala kazembe n'kumupanikiza ndi mafunso, nde akubwera kudzafunsa kuti nanga athuwa bwanji sachita zomwezo, akugona kapena? Wina n'kumuyankha kuti aaa kuno phungu alibe mphamvu iliyonse pa nkhani zakunja, zonsezo n'za Pulezidenti basi. Onse awiriwa agwira mbali imodzi yokha ya nkhani. Mayiko awiriwa anagawa mphamvu mosiyana, ndipo ngati sitidziwa kagawidwe ka kwathu tizingokalipira anthu olakwika, kapena kusiya kufunsa zinthu zimene tili ndi ufulu wonse wofunsa. Tiyeni tiione pang'onopang'ono abale anga, chifukwa ife a m'malire nkhaniyi imatikhudza kuposa munthu wa ku Matola.

Undunawo ndi uti

Dzina lake ndi Ministério dos Negócios Estrangeiros e Cooperação, ambiri amangoti MINEC. Ntchito yake ndi kuyendetsa ubale wa Mozambique ndi mayiko ena komanso mabungwe ngati SADC, African Union ndi United Nations, kuyang'anira maofesi a akazembe athu kunja, kukonzekera mapangano, kukambirana za thandizo lochokera kunja, ndi kusamala nzika zathu zimene zili m'mayiko ena. Nduna yoyamba dziko litangolandira ufulu mu 1975 anali a Joaquim Chissano, ndipo anakhala pamenepo mpaka 1986 pamene a Samora Machel anamwalira iwo n'kukhala Pulezidenti. Kenako kunabwera a Pascoal Mocumbi, a Leonardo Simão, mayi Alcinda Abreu, a Oldemiro Balói, a José Pacheco, mayi Verónica Macamo, ndipo mu Januwale 2025 Pulezidenti Daniel Chapo anaika mayi Maria Manuela Lucas.

Koma chimene tiyenera kuchigwira msanga n'chakuti si vuto lililonse la pa malire limene ndi la unduna umenewu. Taganizirani pa Calómuè m'mawa, njinga zitamangiriridwa matumba a mbatatesi mpaka woyendetsa sakuoneka, azimayi atafola ndi timapepala todutsira, mathiraki atandanda kudikira. Amene akudinda pasipoti aja ndi a SENAMI, ndipo iwo ali pansi pa unduna wa zam'dziko, Ministério do Interior. Amene akufunsa za katundu ndi msonkho ndi a Alfândegas, omwe ali mu Autoridade Tributária, bungwe lotolera misonkho. A MINEC simuwaona pa windo paja. Gawo lawo lili kuseri, iwo ndi amene amakhala pa tebulo ndi anzawo a ku Malawi kapena ku Zambia kugwirizana mfundo zikuluzikulu zimene a pawindowo amangozitsata. Ndiye phungu akafuna kufunsa za munthu wovutitsidwa pa geti, funso limapita kwina, koma akafuna kufunsa kuti pangano lenilenilo likuti chiyani ndipo anakambirana zotani, apo ndi pa nduna ya zakunja.

Amene amagwira chiwongolero

Mfundo zakunja ndi njira imene dziko lasankha kukhalira ndi mayiko ena, kuti tigwirizana ndi ndani, pa chiyani, tivota bwanji kumisonkhano ikuluikulu, tikana ziti. Malamulo aakulu a dziko, Constituição ya 2004 ija imene inakonzedwanso mu 2018, amanena mosabisa kuti amene amatsogolera mfundo zimenezi ndi Pulezidenti. Iyeyo ndi amene amapangana mapangano akuluakulu ndi mayiko ena, amasankha ndi kuchotsa akazembe, komanso amalandira makalata a akazembe a mayiko ena akabwera kudzayamba ntchito. Nduna ya zakunja naye amasankhidwa ndi Pulezidenti ndipo akhoza kumuchotsa tsiku lililonse popanda kudutsa ku Nyumba ya Malamulo.

Koma malamulo omwewo amanenanso kuti nduna zonse pamodzi, Conselho de Ministros, zimayankha kwa Pulezidenti komanso ku Assembleia da República, imene ndi Nyumba ya Malamulo yathu, pa mmene zikuyendetsera mfundo zam'dziko ndi zakunja zomwe. Nkhani yonse yagona pa mawu amenewa. Chiwongolero chili kwa mmodzi, koma kuyankha kuli kwa awiri.

Zili ngati nkhani ya ankhoswe. Banja likatuma nkhoswe kukakamba za ukwati kumudzi wina, si mbumba yonse imene imanyamuka, amapita mmodzi kapena awiri otumidwa ndi mwinimbumba, ndipo zina zimene amakakambirana kumeneko sizilengezedwa pabwalo nkhani isanapse, apo ayi ukwati ukhoza kufera m'mazira. Koma nkhoswe ikabwerako imayenera kukhala pansi n'kufotokoza kuti ndavomera zakutizakuti m'dzina lanu, chifukwa amene adzasenze zimene wavomerazo ndi banja lonse osati iye yekha. Nduna ndi akazembe ndi ankhoswe a dziko, aphungu ndi abale aja okhala pa mphasa kudikira kumva. Mkangano umene ulipo m'mayiko onse, osati kwathu kokha, ndi wakuti nkhoswe ibise zochuluka bwanji ndipo mpaka liti.

Wina anganene kuti zimenezi n'za anthu a mataye ku Maputo. Ayi ndithu, yang'anani Tete yemweyu. Malire amene anadula Achewa ndi Angoni pakati, mpaka pena msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu mbali ino ndi Mozambique mbali inayo Malawi, anachokera pa pangano la Britain ndi Portugal la 1891, ndipo atsogoleri a mu Africa atakumana ku Cairo mu 1964 anagwirizana kuti malire a atsamunda asiyidwe momwemo. Damu la Cahora Bassa ku Songo linakhalabe m'manja mwa Portugal zaka zoposa 30 tilandilireni ufulu, iwo ali ndi magawo 82 pa 100 ife 18 okha, mpaka pa 27 Novembala 2007 pamene Mozambique inatenga magawo 85 pambuyo pa zokambirana zazitali za maboma awiri. Njanji ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala imadutsa m'dziko la Malawi. Mawaya a magetsi ochokera ku Matambo kupita ku Phombeya ku Balaka ndi nkhani ya mayiko awiri. Ndipo mukukumbuka 2010 pamene a Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje koma boti limene linkayembekezeka silinafike, boma la Mozambique litanena kuti payambe pachitika kafukufuku wa zachilengedwe pa Zambezi ndi Shire? Ubale unazizira ndithu nthawi imeneyo. Kumayambiriro kwa 2016 anthu pafupifupi 10,000 ochokera konkuno ku Tete anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza chifukwa cha kumenyana kwa asilikali a boma ndi a Renamo, ndipo akuluakulu athu amakumbuka za m'ma 1980 mpaka 1992 pamene anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni anali ku Malawi. Zonsezi ndi mfundo zakunja, ndipo zonsezi zinachitikira pakhomo pathu penipeni.

Aphungu athu ndi otani

Assembleia da República ili ndi aphungu 250 osankhidwa zaka 5 zilizonse. Kale nthawi ya chipani chimodzi inkatchedwa Assembleia Popular, ndipo nkhani yoti phungu aimirire kutsutsa nduna pa zakunja sinali m'kachitidwe ka nthawiyo, chipani ndi boma zinali chinthu chimodzi. Constituição ya 1990 ndi imene inatsegula khomo la zipani zambiri, pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, chisankho choyamba cha zipani zambiri n'kuchitika mu 1994. Ndiye mwambo wofunsa boma mafunso pagulu ndi waung'ono ndithu, zaka zongopitirira 30 pang'ono, anthu amene anavota koyamba aja ambiri adakali moyo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasiyana kwambiri ndi zimene timamva pa wailesi ya ku Malawi. Choyamba, ku Malawi dera lililonse lili ndi phungu wake amene mumamudziwa nkhope ndi pakhomo pake, mukhoza kumutsekereza pamaliro n'kumuuza vuto. Kwathu kuno timavotera chipani, ndipo chipanicho chimakhala ndi mndandanda wa mayina a provinsiya yonse ya Tete, mipando imagawidwa molingana ndi mavoti amene chipani chapeza. Ndiye palibe munthu amene pa lamulo ndi phungu wa Tsangano yekha kapena Chifunde yekha, ndipo amene amaika dzina lake pamwamba kapena pansi pa mndandanda ndi chipani. Izi zimakhudza kulimba mtima kwa phungu pofunsa nduna ya chipani chake chomwe, ngakhale ena amati ubwino wake ndi wakuti zipani zing'onozing'ono zimapezako mipando imene sizikanaiona mwa njira inayo.

Chachiwiri, ku Malawi munthu akhoza kukhala phungu ali nduna nthawi imodzi. Kwathu ayi, malamulo amakaniza phungu kukhalanso nduna, amakanizanso kazembe amene ali pa ntchito kukhala phungu. Nduna ikalowa m'nyumba ija imalowa ngati woitanidwa kudzafotokoza. Mayi Verónica Macamo anali mtsogoleri wa Nyumbayi kuyambira 2010 mpaka 2020, kenako anawoloka kukakhala nduna ya zakunja, kutanthauza kuti anachoka pampando wotsogolera ofunsa kupita pampando wa ofunsidwa.

Pa mipando 250 ija, iwiri ndi ya nzika zokhala kunja, umodzi wa amene ali mu Africa winawo wa amene ali kwina konse. Achibale athu amene ali ku Joni kapena ku Blantyre akalembetsa amakhala ndi wowaimira, ndipo pa aphungu onse awiriwa ndi amene nkhani ya makonsulado imayenera kuwasowetsa tulo. Pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, zotsatira zimene Conselho Constitucional, bwalo lalikulu loona za Constituição ndi zisankho, inalengeza zinapatsa Frelimo mipando 171, Podemos 43, Renamo 28, MDM 8, ndipo tonse tikudziwa kuti zotsatirazi otsutsa anazikana ndipo kunali zionetsero zimene zinatayitsa miyoyo. Nambalazi n'zofunika pa nkhani yathu chifukwa chilichonse chofuna voti m'nyumbamo chimatsata kuchuluka kwa mipando.

Zida zimene ali nazo

Chida choyamba ndi funso. Phungu ali ndi ufulu pa malamulo wofunsa boma mafunso ndi kuitanitsa zikalata kapena chidziwitso chimene akufuna pa ntchito yake. Nyumbayi imakumana m'magawo awiri pa chaka, ndipo m'kati mwake mumakhala masiku amene amati Perguntas ao Governo ndi Informações do Governo, pamene magulu a zipani amatumiza mafunso, nduna yaikulu n'kubwera ndi nduna zina kudzayankha, zonse zikuulutsidwa pa Rádio Moçambique ndi TVM. Mphindi zolankhula zimagawidwa potengera kukula kwa chipani. Mukamvetsera muona kuti mafunso ambiri amakhala a misewu, mitengo ya zinthu, malipiro a aphunzitsi ndi anamwino, chitetezo ku Cabo Delgado, ndipo zakunja zimangolowa mwa apo ndi apo. Izi n'zomveka, phungu amafunsa chimene chikuwawa anthu lero, koma zotsatira zake n'zakuti nduna ya zakunja sipanikizidwa kawirikawiri ngati anzake.

Chida chachiwiri ndi makomiti, ndipo ntchito yeniyeni imachitikira kumeneko kopanda makamera ambiri. Pali komiti yoona za ubale ndi mayiko ena, Comissão de Relações Internacionais, Cooperação e Comunidades, imene imaunika mapangano asanapite ku Nyumba yonse, ndipo ikhoza kuitana nduna kapena akuluakulu a unduna kudzafotokoza. Palinso komiti yolandira madandaulo a nzika, imene munthu wamba kapena gulu la anthu likhoza kulembera kalata. Anthu ambiri kuno sadziwa kuti khomo limeneli lilipo. Pakachitika chinthu chachikulu Nyumba ikhozanso kukhazikitsa komiti yapadera yofufuza.

Pali kenanso kamene ambiri timangokamva pa nkhani osakalabadira. Pulezidenti akamapita kunja pa ulendo wa boma, amapempha chilolezo ku Nyumba ya Malamulo, ndipo nthawi zambiri imene imapereka ndi Comissão Permanente, komiti imene imagwira ntchito ngakhale aphungu ali pa tchuthi. Kawirikawiri chimangodutsa, komabe chimaonetsa kuti amene analemba malamulo ankafuna aphungu azikhala ndi liwu ngakhale pa maulendo a mtsogoleri.

Mapangano, pamene pamavuta kwambiri

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene mikangano ikuluikulu yachokera. Malamulo athu amagawa mapangano ndi mayiko ena m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la mapangano akuluakulu, ma tratado, amenewa sangagwire ntchito Nyumba ya Malamulo isanavomereze, ndipo ndi Nyumba yomweyo imene ili ndi mphamvu yotulutsamo dziko. Nyumba imavomerezanso kulowa kwa Mozambique m'mabungwe a mayiko okhudza zachitetezo. Gulu lachiwiri ndi ma acordo, amene Conselho de Ministros ikhoza kusaina ndi kuvomereza yokha ngati nkhaniyo ili m'gawo la ntchito za boma za tsiku ndi tsiku. Onse awiri amayamba kugwira ntchito m'dziko akasindikizidwa mu gazeti ya boma, Boletim da República. Chifukwa chogawira chomwechi n'chomveka, boma silingamadikire aphungu 250 pa kapangano kalikonse kosinthana ana asukulu kapena kolandira mankhwala. Vuto limabwera pa funso lakuti chinthu chakutichakuti chigwere mbali iti, ndipo amene amayamba kusankha mbaliyo ndi boma lomwelo.

Chitsanzo chapafupi ndi Julayi 2021 pamene asilikali ndi apolisi a ku Rwanda pafupifupi 1,000 anafika ku Cabo Delgado kudzathandiza kulimbana ndi zigawenga, kenako n'kubwera gulu la SADC lotchedwa SAMIM limene linadzachoka mu 2024. Otsutsa boma ndi mabungwe ena anadandaula kuti asilikali a dziko lina alowa bwanji Nyumba ya Malamulo isanakambirane, ndipo ankafuna kudziwa kuti akulipira ndani komanso agwirizana zotani. Mbali ya boma inkaona kuti iyi ndi nkhani ya mgwirizano wa mayiko awiri imene ili m'mphamvu za Pulezidenti monga mkulu wa asilikali, ndipo anthu anali kuphedwa, tauni ya Palma inali itangoukiridwa mu Malichi chaka chomwecho, nthawi yodikira panalibe. Patangopita mwezi umodzi asilikali a ku Rwanda aja atafika, tauni ya Mocímboa da Praia inalandidwa kuchoka m'manja mwa zigawenga. Ena amaloza zimenezi n'kumati mwaona, kufulumira kunapulumutsa anthu. Enanso amati chinthu kuyenda bwino sikuchotsa ufulu wa anthu wodziwa zimene zinasainidwa m'dzina lawo. Mfundo ziwirizi zonse zili ndi kulemera kwake, ndipo munthu woona mtima sangataye imodzi mosavuta.

Chitsanzo china chimene chinatigunda m'thumba tonse ndi ngongole zobisika zija. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anakongola ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni kumabanki akunja, boma n'kuimira ngongolezo popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo. Zitaululika mu 2016, IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo la bajeti, metikali inagwa, mitengo inakwera mpaka pa sopo ndi mafuta ophikira m'misika ya Ulónguè. Aphungu anakhazikitsa komiti yofufuza chaka chomwecho, ndipo mu 2019 ndi 2020 Conselho Constitucional inagamula kuti zimene boma linachita poimira ngongolezo zinali zopanda mphamvu pa lamulo. Nkhani imeneyi inali ya unduna wa zachuma ndi achitetezo osati MINEC, koma ndaitchula chifukwa imaonetsa mtengo umene dziko limalipira munthu akalonjeza kunja m'dzina la onse aphungu osadziwa, ndipo amene anatsala ndi ntchito yokonzanso ubale ndi mayiko aja anali akazembe omwewo.

Nanga akazembe ndi antchito awo

Tafika pa funso limene tinayambira lija. Ku Malawi Pulezidenti akasankha kazembe, dzina limapita ku komiti ya aphungu yotchedwa Public Appointments Committee, imene imamufunsa munthuyo za luso lake ndi kayendetsedwe kake ka ndalama, ndipo ikhoza kumuvomereza kapena kumukana. Ku America nakonso Senate ndi imene imavomereza akazembe. Ku Mozambique sitepe imeneyi kulibe. Pulezidenti amasankha, dziko limene munthuyo akupita limafunsidwa kaye ngati likumulandira monga mmene pangano la ku Vienna la 1961 limanenera, likavomera basi munthu amalumbira n'kunyamuka. Ndiye aphungu athu akapanda kumufunsa kazembe mafunso asanapite si kuti akugona, lamulo silinawapatse mpando umenewo. Chimene angachite ndi kufunsa nduna pambuyo pake kuti ntchito ikuyenda bwanji ku ofesi yakutiyakuti, kapena kusintha malamulowo ngati atafuna ndipo mavoti atakwana.

Akazembe amakhala a mitundu iwiri pafupifupi dziko lililonse. Ena ndi oti ukazembe ndi ntchito yawo ya moyo wonse, analowa ali achinyamata pa udindo wotsika wa sekeletale n'kumakwera pang'onopang'ono, kukhala mlangizi wa kazembe, mpaka kufika pamwamba. Mozambique inatsegula sukulu yophunzitsa anthu amenewa mu 1986, ISRI, imene pambuyo pake inaphatikizidwa ndi sukulu ina n'kukhala Universidade Joaquim Chissano. Ena ndi osankhidwa kuchokera kunja kwa ntchitoyi, mwina anali nduna, bwanamkubwa wa provinsiya, mkulu wa asilikali kapena wandale wodziwika. Okonda njira yachiwiriyi amati munthu amene Pulezidenti amamudalira ndipo akhoza kumuimbira foni mwachindunji amamveka msanga kudziko limene wapita, ndipo pali malo ena ofunika munthu wolemera mawu chomwecho. Otsutsa amati mipando imasanduka mphatso yothokozera anzawo kapena kotayira munthu amene sakufunikanso pafupi, ndipo mnyamata amene wagwira zaka 20 akudikira amagwa ulesi akaona mpando wapita kwa mlendo. Ku America komwe kuli Senate yofunsa, kwa zaka zambiri pafupifupi kazembe mmodzi pa atatu aliwonse wakhala wosankhidwa mwandale, ndiye kufunsidwa ndi aphungu pakokha sikuthetsa mchitidwewu, kumangouika poyera.

Koma ine chimene chimandikhudza kwambiri si kazembe wamkuluyo, ndi antchito a m'makonsulado. Kazembe amakamba ndi maboma, konsulo amakamba ndi anthu. Mwana wa kwathu akamwalira ku Johannesburg, banja lasonkha ndalama, bokosi lagulidwa, galimoto yapezeka, koma thupi silingadutse malire popanda mapepala, ndipo ena mwa mapepalawo amadutsa pa tebulo la konsulado. Pa tebulopo pakakhala anthu awiri okha otumikira chikwi cha anthu, maliro amagona masiku kumudzi anthu akuphika nsima ya olira mpaka nkhokwe kupepuka. Munthu wataya pasipoti, wina wamangidwa sakudziwa chilankhulo cha kukhoti, ena athamangitsidwa m'nyumba zawo monga zinachitikira ku South Africa mu 2008 ndi 2015 pamene alendo ankaukiridwa ndipo boma linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu. Apa nkhani ya kuchuluka kwa antchito, maphunziro awo, ngakhale zilankhulo zimene amadziwa, imasiya kukhala ya m'mabuku. Mozambique ili ndi ofesi ya kazembe ku Lilongwe ndi konsulado ku Blantyre, Malawi nayo ili ndi konsulado mumzinda wa Tete momwemu, ndipo funso loti maofesi ngati amenewa ali ndi anthu okwanira ndi limene phungu aliyense wa Tete angalifunse popanda kuphwanya chinsinsi chilichonse cha boma.

Ndalama

Chida champhamvu kuposa zonse ndi bajeti. Unduna sungalembe munthu ntchito, kulipira lendi ya ofesi ku Lisbon kapena kutsegula konsulado yatsopano popanda ndalama imene Nyumba ya Malamulo yavomereza. Chaka chikatha boma limapereka Conta Geral do Estado, yofotokoza mmene ndalama zagwirira ntchito, khoti la Tribunal Administrativo limaiunika n'kulemba lipoti lopita kwa aphungu. Maofesi akunja amadya ndalama zakunja, madola ndi mayuro, nde metikali ikagwa mtengo wawo umakwera ngakhale osawonjezera munthu mmodzi. Mu 2023 ndi 2024 Mozambique inali ndi mpando mu Security Council, nthambi yoona zachitetezo ya United Nations, koyamba m'mbiri yake, ulemu waukulu ndithu, koma ntchito yotereyi imafuna anthu ambiri ku New York, ndipo thumba ndi lomwelo limene likuyenera kulipira kalaliki wa pa konsulado.

Zimene zidakali poyera

Funso loyamba limene anthu akukanganabe ndi lakuti kodi aphungu athu apatsidwe mphamvu yofunsa akazembe asanapite monga ku Malawi. Zingathandize kuti anthu osayenera asadutse, koma ngati chipani chimodzi chili ndi mipando yoposa magawo awiri pa atatu, kodi kufunsako kungasinthe chiyani kupatula kuchedwetsa? Ndipo tsiku lina Pulezidenti atadzakhala wa chipani china Nyumba ili m'manja mwa china, kodi maofesi sadzakhala miyezi opanda kazembe anthu akukokana?

Kenako pali nkhani ya mzere uja wa pakati pa mapangano opita ku Nyumba ndi amene nduna zimamaliza zokha. Asilikali akunja, migodi ya malasha, gasi, magetsi a Cahora Bassa ogulitsidwa kunja, ziti mwa zimenezi zikuyenera kudutsa kwa aphungu, ndipo pakakhala kusagwirizana aweruze ndani zinthu zisanachitike osati patapita zaka? Ngati pali zinsinsi zenizeni zachitetezo, kodi sizingatheke kuti kagulu kochepa ka aphungu a zipani zonse kaziona zikalatazo mwachinsinsi, m'malo moti pasakhale woona n'mmodzi yemwe?

Ndipo lathu la kuno kumalire ndi ili. Anthu amalima mbali ino n'kukagulitsa ku Lizulu, ana ena amaphunzira tsidya lina, odwala amathamangira chipatala chapafupi osayang'ana mbendera, mu Ogasiti mafumu athu amapita ku Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi limodzi ndi Achewa a ku Malawi ndi Zambia. Maboma akamakhala pansi kukambirana za malire, zoikanso zizindikiro za malire, kapena za malonda ang'onoang'ono, mawu a anthu amenewa amafika bwanji pa tebulo, kudzera kwa mfumu, kwa administradori, ku Assembleia Provincial kapena kwa aphungu a Tete amene ali ku Maputo? Nanga aphunguwo, poti anasankhidwa pa mndandanda wa provinsiya yonse kuyambira Zumbo mpaka Mutarara, ndi uti mwa iwo amene munthu wa ku Domuè angamugwire dzanja n'kumuuza kuti funso ili mukalifunse nduna ya zakunja, ndipo mudzabwere mudzatiuze chimene yayankha?